Msoti wa Mwini Blantyre

Mlongo wanga anatsala pang'ono kutaya banja chifukwa cha munthu amene sitinkadziwa ngati ali moyo. Munthuyo ndi malume, mchimwene wawo wa amayi, wamwamuna yekhayo m'mimba imeneyo. Anachoka kwathu ku Nkhulambe ine ndisanamere ndevu, ati akukangoona kaye ku Blantyre. Ndevu zinamera, ndinameta, zinameranso, iwo akuonabe.

Zaka zoyambirira ankaimba foni. Kenako nambala ija inayamba kuyankhidwa ndi mayi wina waulemu kwambiri, wonena kuti amene tikuwafunawo sakupezeka. Amayi anamupirira mayi ameneyo kwa nthawi yaitali, mpaka tsiku lina anamukalipira kuti asiye kugwiragwira foni ya mchimwene wawo. Mayiyo sanapepese. Anangobwereza mawu omwe aja m'Chingerezi.

Ndiye kunabwera mnyamata wa kuseri kwa phiri la Michesi, wokhoma zidebe, wofatsa moti mbuzi zinkamudutsa osapatuka. Anamufuna mlongo wanga, mlongo wanga anamufunanso. Akwawo atabwera kudzayamba nkhani ya chinkhoswe, ine ndinabwereka jekete n'kukhala pampando ngati mwini mbumba. Mkulu wawo anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

“Malume ake a mwanayu anatisiya?”

“Ayi, alipo. Ali ku Blantyre.”

“Ndiye ife tikambe ndi jekete?”

Anadikira chaka chimenecho, anadikiranso china. Kenako anatumiza mawu akuti tikamaliza kukolola nandolo malume asanaoneke, iwo akayang'ana kwina. Ndipo kwinako kunalipo. Kufupi ndi kwawo kunali mtsikana wa amalume ambirimbiri, onse okhala pafupi, onse a njinga zawo. Mlongo wanga anasiya kupita ku kwaya. Chakudya ankangochitembenuza m'mbale. Amayi anamuyang'ana masiku angapo, kenako anandiuza kuti ndipope njinga.

Anatenga zinthu zitatu: mphika waukulu uja wa pamaliro, thumba la kalongonda wouma, ndi msoti wofiira. Za mphika ndi thumba sindinafunse, chifukwa amayi sayenda ulendo wodalira chakudya cha eni. Koma msoti ndinafunsa.

“Iwe, ukufuna tikangolowa m'mudzi mwa eni ngati ng'ombe?” anatero. Agogo awo atawoloka kuchokera ku Mozambiki, sanayambe ndi kudula mitengo. Anayamba afunsa kuti mwini malo ndani, napita kwa Amang'anja amene anawapeza, nkhuku ili m'khwapa. Munda umene tikulima lero unachokera pa nkhuku imeneyo. Choncho kwa amayi nkhani inali yosavuta: tikafika, tikaonekera kwa mwini Blantyre, tikapereka msoti, iye akaitana anthu ake n'kufunsa kuti mlendo wa mpata m'mano uja amagona nyumba iti.

Ine sindinatsutse. Ntchito yanga inali ya kabaza, ndipo kutali kwanga konse kunali ku Chitakale. Maganizo a amayi ndinawaona kuti ndi anzeru.

Tinadutsa m'mawa pa Fort Lister, mpata wa pakati pa mapiri awiri, amayi pa kaliyala, mphika pamutu pawo, thumba pa chimubu, msoti pamsana ngati khanda. Njinga ndinaisiya pa boma. Minibasi imene tinakwera inadzaza moti mwendo utandiyabwa ndinakanda wa bambo wina wa ku Migowi, ndipo bamboyo anathokoza. Ndikunena zoona. Adakali moyo, mukhoza kukawafunsa.

Titatsika mu Limbe ndinavula chipewa. Chinamtindi cha anthu chotero ndinali nditachionapo pa maliro a munthu wamkulu basi, ndiye ndinamunong'oneza kondakitala kuti kodi watisiya ndani.

“Palibe, bigi. Ndi Lachiwiri chabe.”

Anthu anali kutuluka m'makwalala onse ngati ngumbi mvula itagwa, ndipo aliyense anali ndi kopita. Chimene chinandiimitsa ndi chimenecho. Kwathu anthu ochuluka amalowera kumodzi, kutchalitchi kapena kumanda. Apa aliyense anali ndi njira yake, koma osagundana mitu. Amayi anayamba kupereka moni kwa aliyense wodutsa, monga analeredwera. Tisanafike n'komwe kutsidya kwa msewu mawu anali atawathera, akungogwedeza mutu ngati gulo.

Kenako ndinakweza maso n'kuona mapiri. Kwathu phiri timaliopa. Timakatolako nkhuni m'munsi n'kubwerako tisanalikwiyitse. Kuno nyumba zinali zitalikwera phiri mpaka m'khosi, ina pamwamba pa inzake, malata akuphethira padzuwa. Ndinaona nyumba ina imene khomo lake linali lolingana ndi denga la mnansi, moti mwini wake akasesa pakhomo, zinyalala zimakhala denga la mnzake.

Tinafikira ku Bangwe, kwa mayi wina wa mpingo wathu amene anakwatiwa kumeneko. Ankakhala mumdadada wa nyumba za lendi, zitseko zoyang'ana mpopi umodzi. Chitseko choyamba Msena wa ku Nsanje, chachiwiri telala wa ku Mangochi, chachitatu banja la ku Karonga, pakona okala ya Mburundi. M'mawa pampopi paja pankamveka zinenero zambiri kuposa pa wailesi, ndipo onse ankagwirizana pa mawu amodzi okha, akuti madzi asiya.

Amayi sanachedwe. Msoti m'khwapa, anafunsa kuti mwini malo ali kuti. Anatilozera kwa alandilodi, bambo wa mimba yake, amene anatilandira akutsuka galimoto. Amayi anagwada patali, nawomba m'manja.

“Tabwera kudzaonekera. Ndinu eni ake kuno?”

“Eya, mayi, ndine.” Maso anali pa msoti.

“Mchombo wanu unakwiriridwa pati?”

Bamboyo anaseka. “Aaa, zimenezo ndiye ku Ntcheu.”

“Nanga tsiku lanu likadzakwana, adzakugonekani kuti?”

“Ku Ntcheu komweko, pafupi ndi amayi anga.”

Amayi anadzuka, nasansa fumbi m'maondo. “Pepani, takusokonezani. Ndinu mlendo mnzathu.”

Malo amenewo alandilodi anagula kwa munthu wa ku Thyolo, amene anagula kwa wa ku Zomba. Tinapita kwa amfumu a m'deralo, nkhalamba yokoma mtima yopuma ntchito ya njanji. Mchombo ku Dedza. Iwo ndiwo anatiuza kuti mafumu enieni a dziko limenelo alipo, koma tikakawafunsa bwino adzatiuza kuti makolo awo anachokera kum'mawa n'kupeza Amang'anja, ndipo Amang'anjawo ukawakhazika pansi amalozanso kwina. Pamenepo amayi anakhala pamwala.

“Ndiye mudzi wonsewu,” anatero pomaliza, akuyang'ana madenga mpaka kumene maso amalekera, “ndi alendo okhaokha? Nanga amatsekera ndani?”

Popeza mwini sanapezeke, tinayamba kufunafuna tokha. Tinkauza anthu kuti tikufuna bambo wamfupi, wakuda, wa mpata m'mano. Ndikulumbira, theka la Limbe ndi lalifupi, lakuda, la mpata m'mano. Tinapeza amalume a anthu ena ambirimbiri. Wina pa depoti anadzipereka kuti akhoza kukhala malume athu Loweruka lililonse, bola timugulire chakumwa ndi kumubwereka nsapato. Ine ndinaona ngati n'zotheka. Amayi anandiponda phazi.

Titayenda mpaka mapazi kutupa, amayi anati, “Ndatopa kuthamangitsa munthu wamkulu. Abwere yekha.” Anamasula thumba lija.

Amene simunakulire kwathu, kalongonda ndi nyemba, koma si nyemba yoseweretsa. Ukamuphika mwachangu ngati nyemba zinazi, amakuzunguza mutu, ndipo ukachita tsoka sudzukanso. Amafuna tsiku lathunthu. Umawiritsa, kutaya madzi, kusenda makoko, kuwiritsanso, kutayanso madzi akuda bii, kuthira ena, mpaka ukali wonse utatuluka n'kutsala kukoma kokhakokha. Ndi chakudya cha anthu odziwa kudikira. Mitundu ina imatiseka nacho, ife timangoti zikomo, atichulukire.

Tsiku limenelo mdadada wonse unaima. Mayi wa ku Karonga analowetsa ana ake m'nyumba n'kukhoma. Msena uja anaimirira patali, manja kumbuyo, n'kufunsa ngati tili ndi abale oti adzawadziwitse. Madzi oyamba amayi anakataya kuseri kwa bafa, ndipo galu wa alandilodi anakanyambitako pang'ono. Galu ameneyo anayenda chobwerera m'mbuyo mpaka Lachisanu. Ndinamuona ndi maso angawa, ndipo Mulungu akundimva. Poopa kuti msoti ungamweko, amayi anaumangirira chingwe kumwendo kwawo, ndipo kuyambira pamenepo kulikonse kumene ankapita unkawatsata ngati mwana wa chisamba.

M'mawa mwake tinakakhala m'mbali mwa msewu wotsikira ku depoti ya Limbe, mphika pakati, mchere ndi tsabola wa kambuzi pambali, msoti kumwendo. Ogulitsa kalongonda m'tauni alipo, koma wawo amakhala wophikidwa ndi munthu amene akuwerengera makala. Wa amayi anali wophikidwa ndi munthu amene akufuna mchimwene wake.

Poyamba anthu ankangodutsa. Kenako panadutsa bambo wa suti ndi tayi, chikwama m'manja, nsapato zowala moti msoti unadziona n'kufuna kumenyana nazo. Anapitirira. Anaima. Anabwerera chammbuyo ngati waiwala kanthu. Anayang'ana uku ndi uku, nawerama, nanong'ona moni wa Chilomwe:

“Mosheliwa, amayi?”

Amayi anayankha mokweza, msewu wonse kumva. Bamboyo anaika chikwama pansi, naponya tayi paphewa, nanjuta. Atatafuna koyamba anatseka maso, ndipo misozi inatsika. Anati ndi tsabola.

Sindikudziwa kuti mawu anayenda bwanji, koma pofika masana tinali titazingidwa. Kunabwera alonda ovala yunifolomu, anamwino, makondakitala amene anasiya minibasi zikulira, amakaniki a manja akuda, aphunzitsi, azimayi a kaunjika, wapolisi amene tinayesa akudzatithamangitsa koma anangofunsa ngati tili ndi supuni. Mayi wina wa galimoto yaikulu anatuma dalaivala wake. Dalaivala atafika ananjuta n'kuyamba kudya, ndiye mayiyo anatsika yekha, nsapato zazitali zili m'manja. Anthu amene m'mawa ankalankhula Chingerezi m'maofesi anali atanjuta mumzere, akunyambita zala, Chilomwe chikutuluka chadzimbiri ngati mpopi umene unakhala nthawi osatsegulidwa.

Aliyense amayi ankamufunsa mudzi wake ndi mayi ake asanamupatse. Wa ku Chiringa, wa ku Migowi, wa ku Nambazo, wa ku Muloza, wa kutsidya kwa malire. Wa ku Nkhulambe kwenikweni, mwana wa uje amene tinkayesa ali ku Joni. Ena anali a chaka chija madzi anatsika m'phiri ndi miyala n'kufafaniza midzi. Amenewo amayi sankawafunsa zambiri, ankangowawonjezera chipande. Ine kwa zaka zambiri ndinkadabwa kuti anthu a kwathu amapita kuti, chifukwa ana amabadwa chaka ndi chaka koma mabenchi a kutchalitchi sadzaza. Tsiku limenelo ndinawapeza. Phalombe yense anali mu Limbe, wangovala zovala zina. Ndipo ndinaganiza kuti munthu wa ku Nsanje atakhala pakona ina ndi chakudya cha kwawo, wa ku Chitipa pakona ina, wa ku Mangochi pakona ina, tauni yonse ikhoza kugawika ngati nyemba zopetedwa, pakati n'kutsala misewu yokha ndi agalu.

Amitundu ina ankabwera kudzaonerera. Mnaijeriya wogulitsa zitsulo za galimoto analawa kamodzi, naima kudikira imfa, itapanda kubwera anagula mbale yonse. Mmwenye wa sitolo imene tinakhala pafupi nayo anatuluka kudzafunsa chimene chatseka khomo lake. Chichewa chake chinali chowongoka kuposa changa. Amayi anamufunsa funso lawo lija.

“Ine ndinabadwira pamwamba pa sitolo ino, mayi. Bambo anga chimodzimodzi. Agogo anga agona ku manda a konkuno.”

Amayi anawerama n'kuyamba kumasula chingwe cha msoti. “Ndiye kwanu ndi kuno?”

“Kwathu ndi ku India.”

“Munapitako?”

“Kamodzi. Ndinadwala m'mimba, ndipo ankanditchula kuti wa ku Afirika.”

Amayi anamanganso chingwe, mfundo ziwiri.

Onse amene ankadya ankalonjeza kuti akafunsa za malume. Ena ankati anawaonapo ku Ndirande, ena ku Chirimba, wina analumbira kuti anawaona ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri tsiku limodzi. Tinkaphika tsiku lina, kugulitsa tsiku linalo, ndipo thumba linayamba kugona pansi. Mlongo wanga anaimba foni. Anati nandolo wauma, anthu onse amaliza kukolola, watsala munda wathu wokha, ndipo iye akuthyola pang'onopang'ono moti anansi ayamba kufunsa ngati wadwala manja. Anatinso ankhoswe a mnyamata uja aoneka akumwa thobwa kwa mtsikana wa amalume ambiri. Sanalire pafoni. Anangofunsa kuti, “Achimwene, ndisiye mizere ingati?” Amayi atamva anakhuthula thumba lonse mumphika n'kulikung'untha.

Mphika womalizawo unatha msanga. Dzuwa likupendeka, amayi atayamba kusonkhanitsa mbale, panafika mayi wamtali, woyera, wonyamula kontena motambasula dzanja ngati muli njoka. Malankhulidwe ake anali a kumpoto.

“Amama, watha?”

“Watha, mwanangu. Kwatsala zokanirira pansi.”

“Yewo, ndi zomwezo akufuna. Ati wapansi, wopserera, wochita kupala ndi supuni. Mchere musathire, ati amathira okha.”

Chipande chinagwa m'manja mwa amayi. Pa chala chawo chapakati pali chipsera chimene ndinachidziwa kuyambira ndili mwana. Anawatema ndi supuni mchimwene wawo, akulimbirana kupala mphika wa kalongonda. M'dziko lonse la Mulungu, munthu wosiya wabwino pamwamba n'kufuna wopserera ndi mmodzi.

“Wakutumani ndani?”

“Bambo a kunyumba.”

“Ali ndi mpata m'mano?”

“Unali mpata kale. Linachokanso lina, pano ndi geti.”

Amayi anapala mphika modekha mpaka unawala, nadzaza kontena ija, naitseka, koma sanaipereke. Anaiika pamutu. “Alamu,” anatero, “tsogolani.”

M'njira mayiyo anatiuza zonse. Malume anamva tsiku loyamba lomwe kuti ku Limbe kwabwera mayi wa ku Nkhulambe wa nkhuku kumwendo, ndipo anadziwa kuti dziko lino mayi wotero ndi mmodzi. Anasintha njira yopitira kumsika. Anzawo ankabwera akununkhira kalongonda, iwo n'kumatembenukira kukhoma. Tsiku limenelo anagonja, natuma mkazi wawo, namulangiza kuti akangoloza ndi chala, asakatsegule pakamwa.

“Nanga bwanji mwalankhula?” ndinafunsa.

“Ine zaka zonsezi ndimayesa ndinakwatiwa ndi munthu wogwa kumwamba. Ndimafuna ndione ngati ali ndi abale ngati anthu ena.”

Ankakhala ku Ndirande, kumtunda kwenikweni, kumene minibasi imakana ndipo mwendo umatukwana. Tinakwera kudutsa m'tinjira topapatiza, m'makhonde a anthu, pansi pa zovala zoyanikidwa, ine mphika pamutu, msoti ukudumphadumpha pambuyo pa amayi. Khomo lililonse linali ndi fungo lake ndi chinenero chake. Pena usipa, pena chinangwa chovunditsa, pena nyimbo za ku Kongo. Titafika pamwamba ndinatembenuka, ndipo mphika unatsala pang'ono kugwa. Tauni yonse inali pansi pathu, madenga osawerengeka kuchokera phiri ili kukafika phiri ilo, utsi ukukwera paliponse. Pansi pa denga lililonse panali munthu amene kwinakwake akumudikira, amene anachoka atanena kuti akukangoona kaye. Amayi nawo anaima. Anapuma, nayang'ana, nanena chapansipansi kuti, “Mayo ine. Onsewa ali ndi alongo awo.”

Malume tinawapeza kuseri kwa nyumba akukhoma mbaula, chifukwa ndiyo inali ntchito yawo. Atationa anaimirira, nyundo m'manja, nayang'ana kumpanda ngati akuyeza kutalika kwake. Anali atachepa, imvi zili mbuu. Amayi sanakalipe. Anatsitsa kontena, naitsegula, naiika pa chitini patsogolo pawo.

“Idya kaye. Mchere uthira wekha.”

Anadya ataimirira, kenako atakhala, kenako akulira. Amayi anadikira mpaka anapukuta kontena ndi chala. Ndipo anawauza za mlongo wanga, za mnyamata wa zidebe, za jekete yanga, za nandolo wotsala mizere yochepa.

“Achemwali,” anatero malume, maso pansi, “ine ndikakhala bwanji pampando wa nkhoswe? Ine mwini mkaziyu ndinangomutenga, popanda nkhoswe, popanda aliyense wa kwathu kukaonekera kwawo. Poyamba ndinkati ndikonze kaye ndiye ndibwere. Kenako mwana anabadwa. Kenako manyazi anakula kuposa mwanayo.”

“Basi? Ndimayesa unapha munthu.” Amayi anatembenukira kwa mlamu wawo. “Kwanu n'kuti?”

“Ku Rumphi, amama.”

“Kuli mwini wake kumeneko?”

“Aliko adada.”

“Ayamikike Mulungu, kwina kuli eni. Ndiye maukwati ndi awiri. Tiyamba wa mwana chifukwa nandolo sadikira. Wako ndidzapita ndekha ku Rumphi. Iwe, tenga nsapato.”

Nthawi imeneyo ndi pamene panatulukira mtsikana wa yunifolomu ya sekondale, wamtali ngati mayi ake, mpata m'mano ngati bambo ake. Anagwada n'kupereka moni. Amayi anamugwira chibwano, namutembenuzira kudzuwa, ndipo mwa chizolowezi chabe anamufunsa kuti kwawo n'kuti.

Mtsikanayo anaseka. “Funso limenelo limandivuta ngakhale kusukulu. Ababa amati mwana ndi wa kwa mayi, ndiye kwathu ndi ku Rumphi. Amama amati mwana ndi wa kwa bambo, ndiye kwathu ndi ku Phalombe. Aliyense amandipereka kwa mnzake. Ine konseko sindinapondeko.”

“Nanga mchombo?”

Mayi ake analoza pansi pa mtengo wa papaya, pafupi ndi mulu wa malata a mbaula.

Amayi anayang'ana papaya, nayang'ana mtsikana, nayang'ananso madenga aja kumunsi. Kenako anawerama n'kumasula mfundo ziwiri zija. Anagwada, mayi wa imvi zake, pamaso pa mwana wa sukulu, nawomba m'manja katatu.

“Tabwera kudzaonekera. Ndife alendo a ku Nkhulambe, tinalowa m'mudzi mwanu osaodira. Munthu tinkamufuna tamupeza, tikupempha kuti timutenge.”

Mtsikanayo anayang'ana bambo ake, nayang'ana mayi ake. Palibe amene anaseka. Analandira msoti ndi manja awiri, ndipo popeza anali mwana wa nzeru anayankha kuti, “Mutengeni, koma mubweze.”

Tinanyamuka m'mawa mwake tonse asanu, chifukwa mwini Blantyre anakana kutsala, ndipo msoti wake anaunyamula yekha pamiyendo. Pa Fort Lister malume anapempha kuti titsike pa njinga. Anaima pakati pa mapiri awiri aja nthawi yaitali, chipewa m'manja, mwana wawo akufunsa kuti bwanji phiri lalikulu chotere lilibe nyumba ndi imodzi yomwe.

Mlongo wanga tinamupeza m'munda. Unali utatsala mzere umodzi, ndipo iye anali atakhala pansi pambali pake, lichero lopanda kanthu pamiyendo, akuingitsa mbuzi. Ataona geti ija m'kamwa mwa munthu amene ankabwera pambuyo pa amayi, sanathamange. Anaimirira n'kuyamba kuthyola nandolo ndi manja awiri, mofulumira moti makoko ankalira ngati moto wa lupsa.

Chinkhoswe chinachitika Loweruka lotsatira. Jekete ija ndinabwerekanso, koma anavala malume. Mkulu wa kuchimuna uja anawayang'ana kuyambira kumapazi, nafunsa kuti anali kuti zaka zonsezi.

“Ndimaona kaye,” anatero malume.

“Mwaona?”

“Ndaona.”

Itakwana nthawi yosinthana nkhuku, akuchimuna anatulutsa tambala wawo. Ife tinayang'anana, chifukwa m'chipwirikiti chonsecho palibe anakumbuka kuti akuchikazi amapereka msoti, ndipo nkhuku zathu zina chitopa chinali chitadutsamo. Mwini Blantyre anadzuka pa mkeka osauzidwa, nakamasula wake kuseri kwa nkhokwe, naupereka kwa bambo ake. Malume anaupereka kwa mkulu uja, ndipo nthungululu zinamveka mpaka ku Michesi.

Mlongo wanga ali pabanja mpaka lero, ndipo zidebe m'nyumba mwake zachuluka kuposa madzi. Msoti uja sanaudye. Mlamu wanga anabwera nawo pobwera kudzakhala kwathu, unaikira, unaswa, ndipo zidzukulu zake zadzaza mudzi. Mukhoza kuzizindikira nokha mukafika ku Nkhulambe. Nkhuku zina zonse zimangodumphira kutsogolo kwa njinga. Za mtundu umenewo zimaima m'mbali mwa msewu, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, ndiye n'kuwoloka.